Njinga ndi ya mpikisano, koma msewu si bwalo

Pakaima njinga zamoto zaliwiro zingapo pamalo amodzi, muzionetsetsa zimene eni ake amachita. Sayamba n'kufunsana za injini. Wina amanjuta pansi n'kuyang'ana tayala lakumbuyo la mnzake, makamaka cha m'mphepete, kuti aone ngati labala wa pamenepo anakhudzako msewu. Pakapezeka kamzere konyezimira kosonyeza kuti mwini njinga sapendekeka kwambiri pokhota, phwete limayamba. Kenako maso amapita pa dzina la tayala. Likakhala losalala, la timizere tiwiri titatu ngati la anyamata a pa TV aja, ulemu umabwera. Likakhala lodzaza mizere, sipalephera wina wofunsa ngati mwayamba kukalamba.

Matayala ambiri olakwika amagulidwa chifukwa cha mphindi zimenezi. Maganizo anga ndi awa: munthu amene njinga yake yaliwiro imayenda pamsewu wa anthu onse chaka chathunthu, dzuwa liwale mvula igwe, agule matayala a gulu lotchedwa sport touring, opangira maulendo a pamsewu wamba, ndipo asachite nawo manyazi. Alipo ochepa amene malangizowa sakuwakhudza, ndipo ndifika kwa iwo. Vuto ndi lakuti pafupifupi aliyense wa ife amadziika yekha m'gulu la ochepawo.

Njinga yolemera makilogalamu pafupifupi 200, ndi inu ndi katundu wanu pamwamba pake, imakhudza pansi pa timalo tiwiri tokha, kalikonse kosaposa chikhatho. Mphamvu ya injini imadutsa pamenepo, mabuleki amathera pamenepo, kukhota konse kumachitikira pamenepo. ABS, njira yoletsa mawilo kuimiratu n'kuterera pomanga mabuleki, imene ku Ulaya inakhala lamulo pa njinga zatsopano zoposa 125cc kuyambira 2016, pamodzi ndi makina oletsa tayala lakumbuyo kuzungulira pachabe, zimangogawa mwanzeru kugwira kumene labala ali nako. Labala akasiya kugwira, makinawo alibe choti agawe. Galimoto ikaterera tayala limodzi, atatu otsalawo amaichirikiza. Njinga ikaterera lakutsogolo, mumazindikira muli kale pansi.

Matayala okwana njinga zotere ali m'magulu atatu, ngakhale makampani amakonda kuchulukitsa mayina. Mbali imodzi kuli a m'bwalo la mpikisano, amene amaloledwa kuyenda pamsewu chifukwa choti anawajambula timizere pang'ono, monga Pirelli Diablo Supercorsa ndi Michelin Power Cup. Pakati pali otchedwa hypersport, monga Bridgestone Battlax S22 ndi S23, Pirelli Diablo Rosso IV, Metzeler Sportec M9 RR ndi Michelin Power 6. Mbali inayo ndiye kuli a sport touring: Michelin Road 6, Pirelli Angel GT II, Metzeler Roadtec 02, Bridgestone Battlax T32, Dunlop RoadSmart IV ndi Continental ContiRoadAttack 4. Magulu onse atatu amapezeka m'masaizi amene njinga zaliwiro zimavala, 120/70 ZR17 kutsogolo ndi 180/55 kapena 190/55 ZR17 kumbuyo. Njinga siikukukakamizani kugula gulu loyamba. Akukukakamizani ndi maso a anzanu.

Nkhani yonse yagona pa kutentha. Labala amagwira msewu chifukwa amafewa n'kulowa m'timaenje ta phula, monga dongo lonyowa limalowera m'mizere ya chala. Akazizira amauma gwa, n'kumangodutsa pamwamba. Labala aliyense ali ndi mlingo wa kutentha umene anamupangira, ndipo wa m'bwalo anamupangira kutentha kwakukulu. N'chifukwa chake mukamaonera mpikisano mumaona matayala atafunditsidwa zofunda zamagetsi mpaka nthawi yonyamuka. Amawatenthetsa kufika madigiri pafupifupi 80 njinga isanasunthe n'komwe. Ikasuntha, woyendetsa amamanga mabuleki mwamphamvu pa kona iliyonse, potuluka n'kutsegula mafuta onse, ndipo kupindika ndi kuwongoka kwa tayala kumasunga moto umenewo mpaka mpikisano kutha.

Tsopano ganizirani ulendo wanu wa Lachiwiri mmawa. Mwatulutsa njinga imene yagona pozizira usiku wonse. Mwayenda makilomita awiri, mwaima pa maloboti. Mwasuntha pang'ono, mwatsekeredwa kumbuyo kwa lole yokwera phiri mokwawa. Kenako kwawaza kamvula, ndipo madzi akuchotsa ngakhale kutentha kochepa kumene tayala linayamba kusonkhanitsa. Tayala la mpikisano pamenepa lili ngati katswiri wothamanga amene mwamudzutsa pakati pa usiku n'kumuuza kuti ayambepo. Luso ali nalo, koma thupi likadali m'tulo. La sport touring, lomwe anzanu analiseka lija, analipangira mmawa woterewu: limafewa msanga, ndipo limagwira ngakhale lisanatenthe kwenikweni.

Izi sindinaziphunzire powerenga. Njinga yanga yoyamba ya 600cc ndinaiveka matayala a gulu loyamba. Wogulitsa anandiuza kuti amenewa amagwira kuposa onse, ndipo sananame. Anangosiya kunena kuti amagwira nthawi yanji. Tsiku lina mmawa kutazizira, ndikuzungulira raundabauti pa liwiro loti ngakhale wa njinga yakapalasa akanandipitirira, lakutsogolo linangochoka. Nditadzuka ndinabwerera wapansi kukafufuza pamalopo, kufunafuna chinthu choti ndichiloze chala. Panalibe mafuta otayika, panalibe mchenga. Ndinagwira tayalalo ndi dzanja, linali lozizira ngati chitsulo. Galasi ndi chogwirira cha klatchi zinathyoka, ndipo phewa linandikumbutsa za tsikulo kwa miyezi ingapo. Chondipweteka kwambiri chinali chakuti matayalawo ndinawasankha ndekha, monyadira.

Wina anena kuti tayala lofuna kukondweretsa dzuwa ndi mvula yomwe silingachite bwino pa chilichonse, paja mapanga awiri avumbwitsa. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo mpikisano womwewo umaichitira umboni. Mu MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto pa dziko lonse, momwe Michelin inayamba kupereka matayala kwa opikisana onse mu 2016, mulibe tayala la nyengo zonse. Muli losalala la pouma ndi lamizere la mvula, ndipo mvula ikayamba mpikisano uli mkati, othamanga amapatuka n'kudumphira pa njinga ina yovala kale matayala oyenera. Ngati akatswiri a dziko lonse alephera kupeza tayala limodzi lokwanira zonse, ife ndife yani?

Koma taonani bwino chitsanzocho. Iwo ali ndi njinga yachiwiri ndi gulu la amakaniko likudikira pambali. Inu mvula ikakupezani makilomita 60 kuchokera kunyumba, tayala limene munanyamuka nalo ndi lomwe mubwerere nalo. Wa mpikisano amasankha atayang'ana kale kumwamba. Inu mukusankha lero tayala limene lidzakumane ndi nyengo za miyezi khumi ikubwerayi, ndipo tsiku loipa silitumiza uthenga. Ndivomerezenso apa kuti mawu akuti "nyengo zonse" ndi a otsatsa malonda. Palibe tayala la njinga yaliwiro limene limagwira pa madzi oundana, pa chipale chofewa kapena m'matope. Kumayiko ozizira msewu ukaundana, njinga yotere imagona m'nyumba. Tikunena za phula louma ndi lonyowa, mmawa wozizira ndi masana otentha, basi.

Ndipo mwambi wa mapanga uja unali woona kwambiri zaka 30 zapitazo kuposa lero. Kale munthu ankasankhadi pakati pa labala wofewa, wogwira bwino koma wotha msanga, ndi labala wolimba, wokhalitsa koma woterera kukanyowa. Chimene chinayamba kusintha zinthu ndi silika, ufa woyera wa mtundu umodzi ndi mchenga, umene amausakaniza mu labala m'malo mwa gawo lina la mwaye wakuda umene unkagwiritsidwa ntchito kuyambira kale. Silika amathandiza labala kukhalabe wofewa kukazizira ndi kugwira pa phula lonyowa popanda kutha msanga. Michelin inamuika m'matayala a mpikisano mu 1992, ndipo mu 1999 anafika pa tayala la pamsewu la Pilot Sport. Kenako kunabwera nzeru yoika mitundu iwiri ya labala pa tayala limodzi, wolimba pakati pomwe mumayendapo tsiku lonse, wofewa m'mbali momwe mumafikamo pokhota. Pilot Road 2 linatuluka ndi zimenezi mu 2007. Mu 2011 Pilot Road 3 linabwera ndi timing'alu tating'onoting'ono ngati todulidwa ndi lumo, tomwe timaswa madzi amene akuta phula, ndipo pa Road 5 ya mu 2018 timing'aluto anatipanga kuti tizikula m'kati pamene tayala likutha, kuti tayala lakale lisataye msanga mphamvu yake pa mvula. Ndatsata mbiri ya kampani imodzi kuti nkhani isabalalike. Enawo anayenda njira yofanana, ndipo sindikutsatsira malonda aliyense. Zotsatira zake n'zakuti tayala la sport touring la masiku ano limalola njinga kupendekeka kuposa mmene munthu wanzeru angayerekezere pamsewu umene kutsogolo kwa kona kungakhale galu, dzenje kapena basi itaima.

Pa za madzi, anthu ambiri amayang'ana mizere yokha, kuganiza kuti tayala la mizere yambiri ndiye la mvula. Mizere ili ndi ntchito yake, ndi tingalande totulutsa madzi amene adikha pamsewu. Koma tayala la njinga ndi lobulungira, limang'amba madzi monga bwato, choncho siliyandama msanga ngati tayala lophwatalala la galimoto. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kunyowa chabe, kamadzi kopyapyala kamene kamakhala pakati pa labala ndi phula, ndipo pamenepo amene amagwira ntchito ndi mtundu wa labala ndi timing'alu tija. N'chifukwa chake tayala lotchipa la dzina losadziwika likhoza kukhala ndi mizere yokongola n'kumaterera ngati sopo. Chikomekome cha mkuyu. Mukaona m'mphepete mwenimweni mwa tayala mulibe mizere musadabwe, ngakhale Road 5 ili choncho, chifukwa opanga amadziwa kuti pa mvula palibe amene amapendekeka kufika kumeneko.

Komabe pali malo amene tayala lililonse limagonja. Penti ya mizere ya pamsewu, zivundikiro zachitsulo za ngalande, dizilo wotayika pa kona, masamba onyowa, zonsezi sizisamala kuti mwavala dzina lanji. Yoopsa koposa ndi mvula yoyamba pambuyo pa masabata ouma, imene imadzutsa mafuta ndi fumbi zomwe zinalowa m'phula n'kuzisandutsa thovu loterera. Mvula yamphamvu ikagwa kwa ola limodzi msewu umatsukika n'kuyamba kugwira bwino kuposa pamene inkangowaza.

Tsopano ndifike kwa ochepa aja, chifukwa zimene amanena si zopanda pake. Tayala la hypersport ndi losongoka pang'ono pakati, motero njinga imagwera m'kona mwachangu, ndi kukhudza pang'ono chabe kwa chiwongolero. Limamveka bwino m'manja mukamanga mabuleki mwamphamvu, limakuuzani zimene zikuchitika pansi. Munthu akachoka pa limeneli n'kupita pa la sport touring, masiku oyamba amamva ngati njinga yalemera, ngati ikuganiza kaye isanamvere. Kumva kumeneku n'koona, ndipo kwa ena ndiye chifukwa chenicheni chimene anagulira njinga yaliwiro. Komanso m'bwalo la mpikisano, m'manja mwa munthu wodziwa kuthamanga, tsiku lotentha, tayala la sport touring limapsa mopitirira mlingo wake pakangotha maulendo angapo, n'kuyamba kuterera ngati lapakidwa mafuta. Ngati mumalowa m'bwalo kangapo pa chaka, kapena njinga yanu imatuluka Loweruka lokha kukawala dzuwa kupita kumisewu yokhotakhota ya m'mapiri, gulani hypersport ndipo simunalakwe. Ndiwonjezere kuti a masiku ano a gulu limeneli ali ndi silika wambiri ndipo pa mvula sachititsa manyazi ngati akale. Mkangano wanga waukulu uli ndi gulu loyamba likamayenda pamsewu wamba. Gulu lapakatili ndimangolifunsa funso limodzi: kodi mwini wake akudziuza zoona za mmene amayendera?

Yankho lake lili pa tayala lanu lakale, ndipo silinama. Musanalitaye, liyang'aneni. Ngati pakati paphwatalala pamene m'mbali mukadali mwatsopano, ndiye kuti munalipira labala wofewa wa m'mbali amene simunamugwiritse ntchito, n'kumaliza wa pakati pa misewu yowongoka yopita kuntchito. Ambiri mwa ife matayala athu amatha chonchi, ngakhale amene timalankhula kwambiri za makona.

Kuphwatalala kumeneku si nkhani ya maonekedwe. Tayala likakhala ndi tebulo pakati ndi ngodya mbali zonse ziwiri, njinga imakana kupendekeka, ndiye mukaikakamiza imadutsa pa ngodyayo n'kugwera m'kona mwadzidzidzi. Kuthwa konse kumene munagulira tayala lofewa kumatha m'miyezi yochepa, ndipo theka la moyo wake mumayenda pa chinthu chokhota moipa kuposa la sport touring lomwe munalikana. Palinso khalidwe la munthu, limene opanga matayala salilemba m'mabuku awo. Tayala likamatha msanga, mwini wake amayamba kuzengereza. Amati lipirire mwezi uno, kenako mwezi winawo, mpaka mvula imamupeza ali pa dazi. Malamulo amasiyana m'mayiko, ku Britain mizere ya tayala la njinga yaikulu isachepere milimita 1, ku Germany 1.6, koma madzi sawerenga malamulo, ndipo tayala limayamba kufooka pa mvula lisanafike pamenepo. M'kati mwa mizere muli timapiri ting'onoting'ono, pambali pake kawirikawiri palembedwa TWI. Labala akafanana ndi timapirito, tayala latha. Ine ndimasintha ndisanafike pamenepo, makamaka nyengo ya mvula ikamayandikira. Labala wa mpikisano ali ndi vuto linanso: kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza kumamuumitsa, moti tayala likhoza kuoneka lamoyo pamene kugwira kwake kunapita kale.

Mukagwirizana nane n'kupita kukagula, pali misampha ingapo, ndipo woyamba ndi zilembo ziwiri, GT. Michelin Road 6 GT ndi Bridgestone T32 GT ndi abale a matayala ndatchula aja, koma anawalimbitsa m'kati kuti anyamule njinga zolemera za maulendo ataliatali, zokhala ndi mabokosi ndi munthu wachiwiri kumbuyo. Pa njinga yopepuka tayala lotere silipindika mokwanira, choncho limachedwa kutentha ndipo limagunda m'manja pa bampu iliyonse. Ena amaligula poganiza kuti zilembo zowonjezera ndi ubwino wowonjezera. Chosokoneza n'chakuti kwa Pirelli, GT ndi gawo chabe la dzina la Angel GT II, ndipo la njinga zolemera amalilemba chilembo A. Metzeler pa Roadtec 01 analemba HWM. Funsani, ndipo werengani nokha pambali pa tayala musanalipire.

Msampha wina ndi kufuna tayala lonenepa. Manambala aja ali ndi tanthauzo: pa 180/55 ZR17, 180 ndi kukula kwa tayala m'mamilimita, 55 akutanthauza kuti msinkhu wa khoma lake ndi maperesenti 55 a kukulako, ndipo 17 ndi limu m'mainchesi. Tayala la 180 limakhala bwino pa limu yotambalala mainchesi 5.5, la 190 kawirikawiri limafuna ya 6. Mukapanikiza la 190 pa limu yopapatiza, limafinyika n'kusintha maonekedwe, ndipo malo okhudza pansi akhoza kuchepa m'malo mokula. Kumbuyo kumaoneka kwaukali, koma njinga imakhota moipa. Ngakhale kuchoka pa 190/50 kupita pa 190/55 kumakweza kumbuyo kwa njinga n'kusintha mtunda umene tayala limayenda likazungulira kamodzi, zimene zingasokoneze makina oletsa kuterera ngati anawatchera pa saizi yakale. Pambuyo pa saizi pamabwera nambala ndi chilembo, monga 58W kutsogolo ndi 73W kumbuyo. 58 ndi makilogalamu 236, 73 ndi makilogalamu 365, ndipo W ndi liwiro la makilomita 270 pa ola. Zikakhala m'mabulaketi ndiye kuti tayala limapirira kuposa pamenepo. Musatsike pansi pa zimene buku la njinga yanu linalemba, ngakhale mutalumbira kuti simudzafika liwiro limenelo, chifukwa manambalawo akunenanso za mmene tayala linamangidwira m'kati.

Za kusakaniza sindichulukitsa mawu. Lakutsogolo ndi lakumbuyo anawapanga kuti ayendere limodzi, kubulungira kwawo ndi kufulumira kwawo kutentha n'kogwirizana. Kuika la mpikisano kutsogolo ndi la sport touring kumbuyo, nzeru imene ena amaitama, kumakupatsani njinga imene mmawa wozizira kumbuyo kwadzuka kutsogolo kukadali m'tulo. Ndipo kutsogolo ndi kumene simungakupulumutse kukaterera.

Yang'ananinso tsiku lobadwa. Pambali pa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, choncho 1524 ndi sabata ya 15 ya chaka cha 2024. Tayala losungidwa bwino, pamthunzi ndi pozizirira, silionongeka chifukwa chokhala chaka chimodzi kapena ziwiri m'sitolo, ndipo amene amakangana ndi ogulitsa pa miyezi isanu ndi umodzi akungotaya nthawi. Koma labala amakalamba ngakhale osayenda. Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu likugwira ntchito lizionedwa ndi wodziwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Izi zimakhudza kwambiri ogula njinga yogwiritsidwa kale ntchito imene yayenda makilomita ochepa. Mizere imakhala yakuya, mwini wake amanyadira kuti matayala ndi omwe inabwera nawo, koma mukakanda ndi chikhadabo labala ali gwa ngati pulasitiki.

Ndipo zonse ndanenazi mukhoza kuziwononga ndi mpweya. Njinga zambiri zaliwiro zimafuna mpweya wa muyeso wa mabaa 2.5 kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo, kapena kuti 36 ndi 42 pa geji ya psi, koma nambala yeniyeni ili m'buku la njinga ndi pa sitika imene nthawi zambiri imakhala pafupi ndi tcheni. Muziyeza tayala lili lozizira, musananyamuke, chifukwa mukayenda mpweya umafufuma n'kukunamizani. Nyengo ikazizira ndi madigiri 10, mpweya umatsika ndi pafupifupi 0.1 ya baa popanda chiboo chilichonse. Pali mphekesera ziwiri zimene ndikufuna zife. Yoyamba ndi yotengera mpweya wochepa umene a m'bwalo amagwiritsa ntchito. Iwo amachepetsa chifukwa matayala awo amatentha kwambiri mpweya n'kukwera wokha, zimene sizichitika pa ulendo wanu wa kuntchito. Yachiwiri ndi yoti kukagwa mvula muphwetseko pang'ono kuti tayala ligwire. Tayala lophwa limafinya mizere yake, tingalande tija timatsekeka pa nthawi imene tikufunika kwambiri, ndipo chiwongolero chimalemera. Gulani geji yanuyanu, yaing'ono yokwana m'thumba, muziyeza sabata iliyonse. Ma geji a pamalo omwetsera mafuta amagwetsedwa pansi tsiku lonse, ndipo awiri sagwirizana.

Mwa mayina asanu ndi limodzi a sport touring aja, ndi liti loposa? Magazini a njinga amawayesa chaka ndi chaka, ndipo wopambana amasinthasintha. Kusiyana kwawo n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa gulu ndi gulu. Lina limakhota mwachangu pang'ono, lina limakhalitsa pang'ono, lina limamveka lofewa pa msewu wokumbika. Ine ndimatenga limene lilipo mu saizi yanga, awiri a banja limodzi, opangidwa posachedwa, ndipo ndimapempha makaniko asinthe valavu nthawi yomweyo ndi kuika timiyala tolinganiza wilo. Ndisanachoke ndimayang'ana muvi wa pambali pa tayala ngati ukuloza kumene wilo imazungulirira, chifukwa tayala loikidwa chagada limakokera madzi kolakwika, ndipo ndinaonapo zikuchitika m'manja mwa munthu wodziwa ntchito yake amene anangotanganidwa.

Tsiku loopsa kwambiri pa moyo wa tayala lililonse ndi loyamba. Latsopano limakhala losalala ngati galasi, ndipo limafunika makilomita pafupifupi 150 kuti likhakhale. Muzipendekeka pang'onopang'ono, kona iliyonse kuwonjezera pang'ono pa ya m'mbuyo, kuti gawo latsopano la labala lizikhudza msewu limodzi ndi gawo lokhakhala kale. Kuyenda mokhotakhota pamsewu wowongoka, monga ena amachitira potengera a pa TV, sikutenthetsa tayala kwenikweni. Chimene chimalitenthetsa ndi kutsegula mafuta ndi kumanga mabuleki njinga ili chilili. Mukayenda ulendo woyambawo, lisiyeni lizizire usiku wonse n'kuyezanso mpweya mmawa, chifukwa tayala latsopano limakhazikika pa limu m'masiku oyamba. Ndipo sitika ya kusitolo imene imamatidwa pakati pa tayala muichotse ndi dzanja musanatuluke pachipata, pamodzi ndi sopo amene makaniko anapaka m'mphepete poliveka.